AKAZI M'NYUMBA ZA MALAMULO ZA KU AMERIKA: KODI KHOMO LITSEKEKA PATI?

Awerengi athu ambiri amamva za Washington, koma si onse adziwa kuti dziko la United States liri ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi Nyumba ya Malamulo yaceyace. Nyumba zimenezi ndizo zipanga malamulo ambiri a masukulu, a zipatala, a ukwati ndi a malipiro a anthu a nchito. Mipando yace yonse pamodzi iposa 7,300. M'caka ca 1971 akazi anali ndi mipando yosakwana 5 pa 100 iri yonse. Pofika 2025 anali ndi mpando umodzi pa itatu. Ulendo ulipo ndithu, koma tikumbuke kuti ufulu wa voti unafika kwa akazi m'dziko lonselo kale mu 1920.

Nanga cowacedwetsa nciani? Ena ayankha msanga kuti anthu safuna kusankha mkazi. Koma akatswiri amene awerenga zotsatira za masankho a zaka zambiri apeza kuti mkazi akaima, mwai wace wopambana ulingana ndi wa mwamuna amene ali m'malo ofanana naye. Bvuto liyamba tsiku la voti lisanafike.

M'masankho a 2022 ndi a 2024, mipando yoposa umodzi pa itatu inalibe mpikisano pakati pa zipani ziwiri zazikulu, ca Democratic ndi ca Republican. M'madera ambiri malire anadulidwa mwakuti cipani cimodzi cidziwiratu kuti cidzapambana, ndipo cinzace sicitaya ndalama kuimikako munthu. Phungu wakale abwerera pa mpando wace osatuluka thukuta, ndipo aphungu akale ambiri ndi amuna. Munthu wa nchito m'tauni adziwa bwino zimenezi: malo amene sanalengezedwe sapemphedwa, ndipo mwini wace akacoka, abwana adziwa kale womlowa m'malo.

Cifukwa ca ici, pamene zigawo zambiri zinakhazikitsa malamulo m'zaka za m'ma 1990 akuti phungu asapitirire zaka zakutizakuti pa mpando, anthu anayembekeza kuti akazi adzalowa mwaunyinji. Poyamba sizinatero. M'zigawo zina akazi amene lamulolo linawacotsa anaposa amene analowa, popeza mpando ukakhala wopanda mwini pafunika wina woti aimepo, ndipo akulu a zipani anali kuitana anzao omwe anazolowerana nao. Jennifer Lawless ndi Richard Fox, amene anafunsa maloya, aphunzitsi ndi eni malonda ambirimbiri, anapeza kuti akazi sapemphedwa kawirikawiri kuti aime, ndiponso kuti mkazi wa maphunziro olingana ndi mwamuna acedwa kudziyesa woyenera. Palinso nkhani ya thumba. Cigawo ca New Hampshire cilipira phungu madola 100 pa caka cathunthu. Mai amene ali pa nchito ya mwezi, ndi ana pakhomo, angailowe bwanji nchito yotere?

Ku Nevada, kumene phungu saloledwa kupitirira zaka 12 m'Nyumba imodzi, zinthu zinayenda mwina, cifukwa kunali mabungwe ofunafuna akazi ndi kuwaphunzitsa mipando isanatseguke. Mu 2019 cigawoci cinakhala coyamba m'mbiri ya Amerika kukhala ndi akazi oposa amuna, 32 pa aphungu 63. Cokondweretsa ncakuti mipando imene inakwaniritsa ciwerengeroco siinabwere ndi voti. Mu December 2018 akulu a boma la Clark County anasankha Mai Rochelle Nguyen ndi Mai Beatrice Duran kulowa m'malo amene anasiyidwa, ndipo Mai Duran anali wa nchito wa bungwe la anthu ogwira m'mahotela a ku Las Vegas. Anafikako cifukwa panali owachula dzina.

Kaimidwe ka mpikisano nakonso kali ndi mphamvu. Mu 1896, ku Salt Lake m'cigawo ca Utah, anthu khumi analimbirana mipando isanu ya Nyumba ya pamwamba, yochedwa Senate. Dokotala Martha Hughes Cannon anapambana, nakhala mkazi woyamba m'Senate ya cigawo ciri conse, pamene mwamuna wace Angus, amene anaima m'cipani cina, anagwa. Za kunyumba usiku umenewo sitizilowerera. Cimene tiona ncakuti dera likamasankha aphungu angapo nthawi imodzi, monga acitira ku Arizona kumene dera liri lonse lituma awiri ku Nyumba ya pansi, cipani sicibvutika kupatsako mkazi malo amodzi. Mpando ukakhala umodzi wokha, mtima wa akuluwo uuma.

Komabe tisanyengedwe kuti mpikisano uli wonse uthandiza akazi. Kumene cipani cimodzi ciri ndi mphamvu zonse, nkhondo yeniyeni icitikira m'kati mwa cipanico, pa masankho oyamba osankha wociimira, ndipo oponya voti kumeneko ndi ocepa, makamaka aja ouma pa mfundo za cipani. Mu 2023 Senate ya ku South Carolina inali ndi akazi asanu pa aphungu 46, ndipo asanuwo, ngakhale anali osiyana zipani, anagwirizana kukana lamulo loletsa kucotsa mimba. Awerengi angaweruze okha za lamulolo. Ife tiyang'ana cimene cinatsata. Mu June 2024 atatu a Republican, Mai Katrina Shealy, Mai Sandy Senn ndi Mai Penry Gustafson, anapikisidwa m'cipani cao comwe, ndipo onse atatu anagonja kwa amuna. Pofika masankho akulu a November, maina ao sanalinso pa pepala la voti.