Za kumwezi zija, funsani msodzi wa ku India

India itatsitsa chombo cha Chandrayaan-3 pamwezi pa 23 Ogasiti 2023, ambiri ankati: amphawi mbwee chonchija, ndalama n'kumakathera kumwamba? Ine mwana wa msodzi ndikuti ayi, bungwe la boma la ISRO lija silikuseweretsa ndalama.

Setilaiti yake ya Oceansat imaona malo amene pachuluka tizomera tomwe timakoka nsomba m'nyanja. Bungwe lina la boma, INCOIS, limatumiza uthengawo pafoni za asodzi m'zilankhulo zawo. Munthu amalunjika pomwe pali nsomba, petulo osathera kusakasaka.

Nanga namondwe? Mu 1999 anapha anthu pafupifupi 10,000 ku Odisha. Phailin pobwera mu 2013, masetilaiti anamuona akadali kutali, boma n'kusamutsa anthu pafupifupi miliyoni. Omwalira sanafike 100.

Ndiye bungwe lotere tiziliyeza ndi miyoyo yomwe lapulumutsa. Ife kuno roketi sitikuifuna. Tikufuna chenjezo la mwera lizifika padooko maboti asananyamuke, osati ana athu ali kale pakati pa nyanja ndi chilimira.

Tumizaniko kwa ena.