Woimba ng'oma naye ali ndi dzina

Imani pa msika wa Nsaru kapena pa Namitete, mufunse munthu aliyense kuti atchule oimba amene nyimbo zawo zidamufika pamtima. Mayina sasowa: Allan Namoko, Lucius Banda, Evison Matafale, Ethel Kamwendo Banda. Ndiye mufunseni kuti ankaimba ng'oma kumbuyo kwa anthu otchuka a m'mabandi ndani. Ambiri adzangokanda m'mutu. Tidavina nyimbozo m'maukwati ndi m'mabwalo a zisangalalo, miyendo yathu ikutsata dzanja la munthu wina, koma munthuyo sitidamufunse n'komwe dzina. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ife ndife anthu a ng'oma. Kuno kwa Njewa, kwa Kabudula mpaka ku Nambuma, mwana amayamba kumva ng'oma akadali kumsana kwa amake. N'chifukwa chake ndati ndikusimbireni za munthu mmodzi amene adakana kukalambira kumbuyo kwa bandi wopanda womudziwa. Dzina lake ndi Billy Cobham.

Cobham adabadwa pa 16 May 1944 mu mzinda wa Colón, m'dziko la Panama. Ali ndi zaka zitatu banja lawo lidasamukira ku New York, komwe adakulira. Bambo ake ankaimba piyano, choncho nyimbo adazipeza m'nyumba momwemo. Ali mnyamata adalowa gulu la achinyamata oimba ng'oma ndi malipenga pa perete, ndipo kumeneko ndiko adaphunzira mwambo wa dzanja: kumenya mofanana, mosaphonya, kwa nthawi yaitali. Adaphunzira pa sukulu ya High School of Music and Art, kenako kuyambira 1965 mpaka 1968 adali m'bandi ya asilikali a dziko la America. Atavula yunifolomu adalowa gulu la katswiri wa piyano Horace Silver. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: perete, kalasi, usilikali ndi makalabu a jazi, ponsepo adatolapo kanthu.

Nthawi imeneyo jazi inali pa mphambano. Achinyamata anali atatengeka ndi magitala a magetsi a rock ndi kugunda kwa funk kwa James Brown, ndipo oimba jazi ena adaona kuti akapanda kutsegula zitseko atsala okha. Woimba lipenga Miles Davis ndiye adatsogolera, n'kuyamba kusakaniza jazi ndi zida za magetsi. Mtundu wa nyimbo umene udabadwa pamenepo ndi umene umatchedwa jazz fusion. Mu 1970 Cobham adaimba ng'oma pojambula chimbale cha Davis chotchedwa Jack Johnson, chokumbukira katswiri wankhonya wachikuda wa dzinalo. Pa gitala padali Mngelezi John McLaughlin. Awiriwa adamvana, ndipo mu 1971 McLaughlin poyambitsa gulu la Mahavishnu Orchestra adaitana Cobham, pamodzi ndi Jan Hammer pa kiyibodi, Jerry Goodman pa vayolini ndi Rick Laird pa besi. Onani kusakanikirana kwake: wina wa ku England, wina wa ku Panama, wina wa ku Czechoslovakia, wina wa ku America, wina wa ku Ireland, ndipo nyimbo zawo zinkabwerekanso mawerengedwe a nyimbo za ku India.

Zimbale zawo ziwiri zoyamba, The Inner Mounting Flame cha 1971 ndi Birds of Fire cha 1973, zidasintha momwe anthu ankaonera woimba ng'oma. Nyimbo zambiri za m'mabandi zimayenda mowerenga kanayi, n'kubwerera. Izi zinkayenda mowerenga ka 9 kapena ka 10, pa liwiro loopsa, koma Cobham ankaziimba momasuka, thupi lonse lili pa ntchito. Mukamuonera pa makanema a nthawi imeneyo, mudzaona kuti sapingasa manja monga achitira ambiri. Dzanja lamanzere ndilo limasunga nthawi pa mbale yachitsulo, lamanja n'kumayendayenda pa ng'oma zonse popanda chotchinga. Pansi ali ndi ng'oma zazikulu ziwiri zoponda ndi mapazi. McLaughlin akathamangitsa gitala, Cobham sangomudikira kuti amalize: amamuyankha, kumutsutsa, kumukankha kuti apite patsogolo. Ng'oma zidasiya kukhala wotchi ya bandi, zidayamba kulankhula nawo.

Ine nditamva kuyankhana kumeneku koyamba, sikudandichititse chilendo. Ndidakuzindikira, chifukwa ndidakulira nako. Aliyense amene adaimapo pa bwalo la gule wamkulu kuno kwathu akudziwa zimene zimachitika gule asanatuluke. Anyamata amakoleza moto wa udzu pambali, n'kumawamba ng'oma. Woimba ng'oma ya mbalule amakanikiza phula pakati pa chikopa ndi chala chachikulu, agogode pang'ono, atchere khutu, apukuse mutu, aibwezerenso ku moto mpaka ilire momwe akufunira. Gule akafika, ng'oma za mpanje ndi tete zimagwira njira yake osasuntha, amayi akuomba m'manja mwa kawerengedwe kawo, koma wa mbalule maso ake sachoka pa mapazi a gule. Gule akapalasa fumbi, mbalule yayankha. Akadukiza mwadzidzidzi, mbalule yaduka naye limodzi. Palibe pepala lolembapo manotsi, palibe woimika dzanja kuti yambani. Luso limene ophunzira a m'masukulu a nyimbo kunja amalifunafuna zaka zambiri, la kumva mayendedwe awiri kapena atatu nthawi imodzi n'kuikapo mawu ako pamwamba, kuno lili m'manja mwa mlimi amene mawa lake m'mamawa adzakhala ali ku munda wa fodya. Bungwe la UNESCO lidalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Komabe ngakhale pamenepo, ulemu umapita kwa gule ndi kwa mfumu ya mzinda, wa mbalule n'kubwerera kwawo manja atatupa.

Ndipo tisanene kuti kusakaniza nyimbo n'kwachilendo, tikumbukire mganda. Agogo athu adaona perete ndi mabandi a asilikali a nthawi ya atsamunda, n'kutengako ng'oma yaikulu, mizere ndi yunifolomu. Malipenga amkuwa adalibe, ndiye adapanga awo ndi zipanda. Adaika nyimbo zawo ndi mavinidwe awo, n'kutuluka gule amene lero palibe angamutche wobwereka. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adachita chimodzimodzi ndi kwela. Wambali Mkandawire, amene adatisiya mu January 2021, adaluka mayimbidwe a Chitumbuka ndi jazi pa chimbale chake Zani Muwone cha 2002. Erik Paliani adafika poongolera ntchito yojambula chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola. Anyamata a Madalitso Band, amene adayambira m'misewu ya Lilongwe, adakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 ndipo kuchokera apo akhala akuyenda maiko a ku Ulaya, Yosefe Kalekeni akukhwacha gitala uku chidendene chikugunda ng'oma. Njira ilipo kale. Chimene chikusowa ndi woimba ng'oma wa kwathu woti aiyende ndi dzina lake patsogolo.

Apa ndipo Cobham akutiphunzitsa chachikulu. Gulu la Mahavishnu lidapasuka kumapeto kwa 1973, mwa zina chifukwa cha kusamvana pa nkhani ya amene dzina lake lilembedwe kuti ndiye wapeka nyimbo. Chaka chomwecho Cobham adatulutsa chimbale chakechake, Spectrum, nyimbo zake atapeka yekha. Adaitana Jan Hammer, Lee Sklar pa besi ndi mnyamata wa gitala ya rock, Tommy Bolin. Pachikuto padalembedwa dzina la woimba ng'oma. Patapita zaka 18, mu 1991, gulu la ku Bristol la Massive Attack lidatenga chidutswa cha nyimbo yake yotchedwa Stratus n'kumangirapo nyimbo yawo Safe from Harm, ndipo dzina la Cobham lili pa mndandanda wa opeka nyimboyo. Woimba ng'oma wongolembedwa ganyu amalandira yake usiku womwewo, nkhani n'kuthera pomwepo. Wopeka nyimbo amakolola ngakhale patadutsa zaka. Cobham adapitiriza: chimbale cha Crosswinds mu 1974, bandi yake ndi George Duke mu 1976, kenako adakakhazikika ku Switzerland, akuimba ndi kuphunzitsa. Mu 2024 adakwanitsa zaka 80 ndodo zikadali m'manja.

Tsono ife tikuchita chiyani ndi a Cobham athu? Alipo, ndipo mumawadziwa. Ndi kamnyamata kaja ka kuseri kwa grosale pa Mpingu, kamene kamanga ng'oma zake ndi zitini, chikopa cha mbuzi ndi waya, zitsekerero za mabotolo atazitunga pa waya kuti zizilira m'malo mwa mbale yachitsulo, ndi kathabwa kopondera komangirira ndi mphira wa njinga. Kamnyamata kameneka kapanga chida chonse ndi manja ake popanda womuuza. Koma akafika ku tchalitchi, amapeza kuti kwaya idagula kiyibodi yokhala ndi ng'oma zake m'kati, ingodina batani. Akakula n'kupita ku situdiyo mu mzinda, amamuuza kuti ng'oma aziika pa kompyuta, n'zotchipa komanso zachangu. Sindikunyoza makina, athandiza oimba ambiri osauka kujambula nyimbo. Koma makina sayang'ana phazi la wovina. Sadziwa kuti mayi wotsogolera nyimbo watentheka ndipo akufuna kubwereza ndime. N'chifukwa chake nyimbo zathu zambiri za pa wailesi zikumveka ngati nsima yophikidwa mu mphika umodzi.

Zofunika kuchita si zodula. Aulutsi a pa wailesi azitchula amene waimba ng'oma, osati mwini nyimbo yekha. Eni mabandi azilemba mayina a anyamata awo pa zimbale ndi pa intaneti, ndipo azigawana nawo mwachilungamo. Oimba ng'oma nawo adziwe kuti bungwe la COSOMA, loona za umwini wa ntchito za luso, si la oimba ndi pakamwa okha: aphunzire kupeka, alembetse zimene apeka. Aphunzitsi a phunziro la Expressive Arts m'sukulu za pulayimale aitane akatswiri a ng'oma za chimtali ndi mganda a m'mudzi momwemo adzaphunzitse ana, ndipo awapatse kangachepe ngati aphunzitsi enieni. Za ku dambwe zikhale ku dambwe, eni ake ndi mafumu ndiwo adziwa malire, koma zimene zimalira poyera n'zokwanira kudzaza moyo wonse wa wophunzira. Sukulu za nyimbo monga Music Crossroads ku Area 23 ndi nthambi ya zaluso ya University of Malawi ku Zomba zizifika kuno kumudzi kudzafuna ana, osangodikira amene angakwanitse ya minibasi. Ndipo atsogoleri a kwaya, Lamulungu lina zimitsani batani lija, mumukhazike mwana pa ng'oma. Adzaphonya sabata zoyamba, koma dzanja limakula ndi kuimba.

Mawu anga otsiriza apite kwa makolo anzanga. Cobham adafika pomwe adafika chifukwa kwawo adaona mwana akugogoda zinthu n'kumuyesa woimba, osati wosokosa. Mwana wanu akatembenuza ndowa ndi mapoto, musathamangire kumulanda ndodo. Muuzeni alembe kaye ntchito ya kusukulu, inde, koma kenako mupite naye kwa mkulu wa ng'oma wa m'mudzi mwanu, amuphunzitse kuwamba, kumata phula ndi kumvera. Akadzagwira ng'oma za bandi, adzapita nazo zimene mwana wa ku New York sangazigule ndi ndalama. Dziko lapansi lili nawo kale oimba ngati Cobham, ndipo silikufuna wina wongomutsanzira. Chimene silinamve ndi mbalule ya kwa Njewa ikuyankhana ndi gitala ndi lipenga, dzina la woimba wake litalembedwa pachikuto. Ntchito yolera mwana ameneyo ndi yathu, ndipo iyambe chaka chino.