Chilombo Chimakula Ukachionera Pansi

Mu Januwale 2008, filimu ya Cloverfield itangoyamba kuonetsedwa ku America, maholo ena a kanema a kampani ya AMC anamata zikalata pamakomo zochenjeza kuti kajambulidwe ka filimuyo kakhoza kuchititsa chizungulire ndi nseru. Chenjezolo silinali lopeka, chifukwa analipodi anthu amene anatuluka filimu ili mkati atagwira pamimba. Kuyambira pamenepo, anthu akamakambirana za mafilimu a zilombo zikuluzikulu ojambulidwa ndi kamera yogwira pamanja, nkhani imayambira pa nseru n'kutheranso pa nseru, ngati kuti mimba ya munthu ndiyo bwalo loweruzira luso. Mkanganowu wakhala ukuyenda mokhota kwa zaka zambiri, ndipo ukutopetsa. Madandaulo osiyana awaphika mumphika umodzi: kuti thupi limakana, kuti chilombo sichioneka bwino, ndiponso kuti palibe munthu wamutu wake angapitirize kujambula imfa ikumuthamangitsa. Mwa atatuwa, la thupi lokha ndilo lili ndi maziko. Ine ndaima poti kamera yonjenjemerayo inabwezera mafilimu a zilombo chinthu chimene anachitaya kalekale, ndicho mantha a munthu wamng'ono amene waima pansi n'kumayang'ana kumwamba.

Cloverfield anaitsogolera ndi Matt Reeves, anailemba ndi Drew Goddard, ndipo mwini ganizo anali J.J. Abrams, amene akuti anaona zidole za Godzilla m'sitolo ku Japan n'kuganiza kuti America nayo ikhale ndi chilombo chakechake. Nkhani yake ndi yaifupi. Mnyamata wina, Rob, wapeza ntchito ku Japan ndipo anzake amukonzera phwando lotsanzikana naye ku Manhattan. Mnzake Hud apatsidwa kamera kuti ajambule mawu a mafuno abwino. Phwando lili mkati, nyumba igwedezeka, magetsi azima, ndipo atatsikira kumsewu aona mutu wa chipilala cha Statue of Liberty ukugubuduka pakati pa magalimoto. Zonse zimene woonera amaona kwa mphindi pafupifupi 85 ndi zokhazo zimene kamerayo inagwira. Filimuyo inadya madola pafupifupi 25 miliyoni kuipanga, inabweza pafupifupi 40 miliyoni pamasiku atatu oyamba, ndipo padziko lonse inatolera pafupifupi 170 miliyoni. Otsutsa nawo ali ndi manambala awo. Sabata yachiwiri ndalama zinatsika kuposa theka, ndipo oonera amene anafunsidwa ndi a CinemaScore potuluka anaipatsa giredi C, imene kwa filimu yotere ndi yotsika. Ndiye kuti ambiri anathamangira kukaiona, ndipo ambiri mwa iwowo anatuluka akung'ung'udza. Chofunika kufunsa n'chakuti ankang'ung'udza chiyani kwenikweni.

Za chizungulire palibe chokana. Mkati mwa khutu muli ziwalo zimene zimauza ubongo ngati thupi likuyenda kapena langokhala. Munthu akakhala pampando mumdima, chinsalu chachikulu chitadzaza maso ake onse n'kumaonetsa dziko likupendekeka, maso amanena kuti ukuthamanga pamene khutu likunena kuti wakhala phee. Kusagwirizana kumeneko ndiko kumabweretsa nseru, monga momwe ena amamvera akamawerenga m'basi. Munthu wotere sanalakwe, ndipo kumuuza kuti sadziwa luso ndi chipongwe. Zomwezi zinachitikanso mu 1999 ndi The Blair Witch Project, filimu ya ndalama zochepa kwambiri imene inatchukitsa kajambulidwe kameneka. Komabe nseru imatiuza za khutu la woonerayo ndi kukula kwa chinsalu, siitiuza ngati wopanga filimu anasankha bwino. Filimu yomweyo ukaionera pa TV pabalaza, maso akuonanso khoma ndi chitseko zimene sizikugwedezeka, vutolo limachepa kwa anthu ambiri. Nkhani ya thupi ikanayenera kuthera pa chikalata chija cha pakhomo.

Dandaulo limene limandikwiyitsa ndi lija lakuti tinalipira kuti tione chilombo koma tangoonetsedwa mwendo, mchira ndi utsi. Anthu onena zimenezi amafuna kamera ikwere kumwamba, ione mzinda wonse ndi chilombo chonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Sazindikira kuti kamera ikakwera kufika pamapewa a chilombo, chilombocho chimasanduka cha msinkhu wa munthu ndipo nyumba zosanja zimasanduka timakatoni. Mbiri ya Godzilla ndiyo umboni. Filimu yoyamba ya Ishiro Honda, ya kampani ya Toho mu 1954, inatuluka patangopita miyezi yochepa asodzi 23 a m'boti la Daigo Fukuryu Maru atawazidwa phulusa la bomba limene America inayesa ku Bikini, ndipo mmodzi wa iwo anamwalira chaka chomwecho. Filimuyo inali yachisoni, yodzaza ndi usiku, moto, zipatala zosefukira ndi ana amasiye. Koma m'mene Godzilla ankaonekera kwambiri, masana, thupi lonse, akumenyana ndi zilombo zinzake, m'pamenenso ankasiya kuopsa. Pofika 1965 anali akudumpha movina atapambana nkhondo, mu 1967 anali akulera mwana, ndipo ana m'maholo ankamuombera m'manja. Palibe cholakwika ndi zosangalatsa ana, koma amene akufuna kuona chilombo chonse nthawi zonse adziwe kuti akupempha masewera a zibakera, ndipo anthu opondedwa pansi aja sadzawakumbukiranso.

Kamera ya Hud siingakwere kumwamba pokhapokha Hud mwiniyo atakwera. Ikamaona chilombo, imachiona monga munthu angachionere: chidutswa pakati pa nyumba ziwiri, mthunzi wodutsa, chithunzi cha pa TV m'sitolo imene anthu akuba katundu, mchira umene ukudula mlatho wa Brooklyn anthu ali pamwamba pake. Chotsalacho amamaliza ndi maganizo a woonera, ndipo maganizo amajambula chinthu chachikulu kuposa chimene kompyuta iliyonse ingapange. Amalawi izi sitifunika kuphunzitsidwa. Napolo amene anatchulidwa ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991 palibe amene anamuyeza kutalika kwake. Anthu amanena za mkokomo wa usiku, miyala yogubuduka ndi njira imene inatsala m'phiri, ndipo kuopsa kwa dzinalo kumachokera pomwepo. Steven Spielberg anaphunzira zomwezi mokakamizika mu 1974, pamene shaki yopanga ya mu Jaws inkangowonongeka n'kumukakamiza kuibisa nthawi yaitali. Kunenanso zoona, Cloverfield siimana woonera mpaka mapeto. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chilombo chimaoneka chonse kuchokera mu helikopita, kenaka m'bandakucha ku Central Park chimaweramira pa kamera pafupi kwambiri. Ngati pali malo amene filimuyo imafooka, ndi pamenepo, chifukwa chikaoneka bwinobwino chimayamba kuoneka kuti n'chopangidwa.

Funso lakuti ndani angapitirize kujambula linali ndi mphamvu m'zaka za m'ma 1980, koma pofika 2008 linali litayankhidwa kale ndi dziko lenilenilo. Pa 11 Seputembala 2001, Jules Naudet anali akujambula ozimitsa moto mumsewu wa New York pamene ndege yoyamba inagunda nyumba ya World Trade Center, ndipo sanazimitse kamera, analowa nayo m'nyumba yoyakayo. Zambiri zimene dziko linaona za mafunde a tsunami a mu Disembala 2004 zinajambulidwa ndi alendo okacheza kunyanja, madzi akuwayandikira. Mu Julayi 2005 anthu otsekeredwa m'njanji za pansi pa London anajambula mdima ndi utsi pa mafoni awo. Kwathu kuno, matope a namondwe wa Freddy atatsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023, zithunzi zoyamba zimene ambiri anaona zinali za pa foni, zogwedezeka, zodzaza ndi kulira. Anthu amajambula chifukwa amafuna ena adzakhulupirire, ndiponso chifukwa kuyang'ana zoopsa kudzera pa kagalasi kumawapatsa kamtunda pang'ono. Ndikuvomera kuti pali malo amene Hud akanayenera kuponya kamera pansi, monga pamene akuwoloka kuchoka padenga lina kupita panyumba yopendekeka kukapulumutsa Beth, mnzake wa Rob. Koma munthu amene wavomera kale kuti chinyama chotalika ngati nyumba zosanja chavuuka m'nyanja, kenaka n'kukakamira pa nkhani ya kamera, akungofunafuna chifukwa.

Enanso amati kugwedeza kamera ndi ulesi, njira yobisira kusowa luso. Zimenezi ndi zosiyana ndi momwe ntchitoyo imayendera. Kuika chinthu chopangidwa pa kompyuta m'chithunzi chokhazikika n'kosavuta poyerekeza ndi kuchiika m'chithunzi chimene chikudumpha, kutembenuka ndi kusuzumira popanda kudula, pakuti chilombocho chiyenera kukhala pamalo ake enieni pa kugwedezeka kulikonse. Makampani a Double Negative ndi Tippett Studio ndi amene anagwira ntchito imeneyo, ndipo wojambula wamkulu, Michael Bonvillain, anayenera kukonza kuti chilichonse chioneke ngati changochitika mwangozi pamene chinayesedwa kambirimbiri. Filimuyo ilibe nyimbo zokuuza nthawi yoopa, kupatula za paphwando, mpaka maina atayamba kuyenda kumapeto. Ndipo pali luso limodzi limene kajambulidwe kena sikakanalola: tepi imene Hud akujambulapo inali kale ndi zithunzi za tsiku limene Rob ndi Beth anakacheza ku Coney Island, kotero nthawi iliyonse kamera ikazimitsidwa, timphindi ta tsiku losangalalalo timatulukira pakati pa chionongeko. Chisoni chonse cha filimuyo chagona m'timipata timeneto.

Chitsutso chimene ndimachilemekeza sichitchulidwa kawirikawiri ndi ong'ung'udzawo. Fumbi loyera likuthamanga mumsewu, anthu akubisala m'sitolo, mapepala akuuluka: zonsezi zinatengedwa poyera pa zithunzi za 11 Seputembala, patangopita zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi ingapo, mumzinda womwewo. Olemba ena a ku New York anaona kuti kumeneko n'kugulitsa maliro a anthu, ndipo wofedwa ali ndi ufulu wonse woganiza choncho. Yankho langa ndi lakuti Honda anachita zomwezo zaka zisanu ndi zinayi pambuyo pa Hiroshima, ndipo lero filimu yake imalemekezedwa chifukwa cha zomwezo. Kusiyana kwake, ndipo pano otsutsa apambana, n'kwakuti Honda anali ndi chonena chokhudza bomba ndi udindo wa asayansi, pamene Cloverfield imangokuika m'fumbimo osakuuza kanthu kena. Kamera ya munthu mmodzi singalowe m'zipinda mmene akuluakulu akupanga ziganizo. The Host ya Bong Joon-ho, ya ku South Korea mu 2006, imaonetsa chilombo chake masana dzuwa likuswa mtengo koyambirira kwenikweni, n'kupezabe mpata wodzudzula boma ndi asilikali a America. Choncho kamera yapamanja si njira yokhayo, ndipo ili ndi malire ake. Koma kukhala ndi malire n'kosiyana ndi kukhala kulakwitsa.

Kuti njirayi siinangoyenda mwamwayi kamodzi, anatsimikiza ndi André Øvredal wa ku Norway mu 2010 ndi Trollhunter, mmene ophunzira atatu amatsatira mlenje wotopa ndi ntchito amene boma limamutuma mwachinsinsi kupha ziphona za m'nthano za kwawo. Popeza ophunzirawo akujambula filimu ya sukulu, dzanja lawo n'lokhazikikako, ziphonazo zimaoneka nthawi yaitali, koma nthawi zonse kuchokera pansi, ndipo chiphona chomaliza chikatulukira pachipale chofewa munthu umamva kuchepa kwako. Mafilimu otsatira a dzina la Cloverfield, a 2016 ndi 2018, anaisiya kamera yapamanja. Koma umboni umene umamaliza nkhaniyi unabwera mu 2014, pamene Gareth Edwards anapanga Godzilla wake ndi ndalama zochuluka, kamera yokhazikika, yosachititsa munthu nseru, koma akusungabe lamulo loonera chilombo kuchokera pamene munthu angaime: pawindo la basi ya ana asukulu, m'magalasi a msilikali wodumpha m'ndege, pa chitseko chimene chikutsekeka nkhondo ikungoyamba. Dandaulo linabwerera momwemo, liwu ndi liwu, kuti Godzilla sanaoneke mokwanira, ndipo ulendo uno panalibe kamera yonjenjemera yoti n'kuiloza chala.