Tabuleti Yopanda Data Ndi Sileti Chabe

*UTHENGA KWA ACHINYAMATA ONSE. WERENGANI, TUMIZIRANI ENA.*



Ambiri mukuwerenga uthenga uno ndi bandulo ya WhatsApp. Tayesani kudina linki ya ntchito, zija zimaponyedwa m'magulumu, muone ngati itseguke. Siitseguka. Intaneti ya kuno anaigawa pawiri: yotchipa ndi yocheza ndi kuseka mamimu, yodula ndi yofunsira ntchito, yowerengera ndi yophunzirira. Ife amene tili pa ulova tikukhala mbali yotchipayo, kenako akuluakulu n'kumati achinyamata a masiku ano amangotha nthawi pa foni.

Lero tikambe za matabuleti. Laputopu yakwera mtengo moti ambiri sitiilotanso, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tabuleti ndiyo yasanduka kompyuta ya mwana wa mphawi. Ndi pomwe timalembera CV, kuwerenga manotsi, kudzaza mafomu a sikolashipu. Ine digiri ndili nayo, zaka 24, ntchito ndilibe, ndipo kalata iliyonse yofunsira ntchito ndimailemba pa tabuleti yakaunjika. Koma chida chimenechi popanda intaneti n'chimodzimodzi sileti ija ankalembapo agogo athu.

Ndiye tabuleti imalowa bwanji pa intaneti? Njira zake ndi izi.

Ina imakhala ndi polowetsa simu khadi. Imeneyo ndi yabwino, koma ndi yokwererapo mtengo. Zambiri zotchipa zimene timagula pamsika ndi za WiFi yokha, ndipo ena amazindikira zimenezi atafika kale kunyumba. Wotereyu amadalira hotspot ya foni: foni imatentha, batire imatsika ngati madzi a m'ndowa yobooka, magetsi ali ozima. Ena amagula MiFi, kabokosi kaja kolowetsa simu, koma kugula kabokosiko ndi ndalama, kukadyetsa ndi ndalama zina. WiFi ya m'nyumba ndi ya m'maofesi ndi ya anthu amalipiro. Starlink inafika m'Malawi mu 2023, koma mbale yake ndi malipiro a pamwezi si za munthu amene akusowa ya minibasi yopita ku intavyu.

Mwaona? Njira zimene ife tingazikwanitse ndi simu, hotspot ndi MiFi, ndipo zonsezi zimakathera pakhomo limodzi: bandulo ya Airtel kapena ya TNM. Kusankha kwake n'komweko basi.

Chinanso, tabuleti imadya data kuposa foni. Sikirini ndi yaikulu, masamba ambiri amatseguka onse ngati pa kompyuta, mavidiyo amabwera owala kwambiri, ndipo ikangomva hotspot imaganiza kuti yapeza WiFi yaulere n'kuyamba kudzipangira ma update. Pomwe mukuti mutsegule fomu, bandulo yapita. Zimitsani ma auto-update, tsitsani kuwala kwa mavidiyo. Koma tisanamizane, kusamala kokha sikungathetse vutoli, chifukwa gwero lake si ife.

Taonani mmene mitengo anaikonzera. Wogula bandulo yaikulu ya pamwezi amalipira zochepa pa gigabayiti iliyonse. Wogula kakang'ono ka tsiku limodzi, poti ndi komwe angakwanitse, amalipira zambiri, ndipo nthawi ikakwana zotsala zimapita. Osauka ndiye akugula modula. Mayunitsi a magetsi ukagula amakhala mu mita mpaka uwagwiritse ntchito. Ufa ukagula sutha wokha m'thumba poti kwacha. Nanga data, yogula ndi ndalama yomweyo, imatha bwanji usanaigwiritse ntchito, mwinanso tsikulo netiweki inali yovuta?

Boma nalo lisabisale kumbuyo kwa makampani. Mu 2015 linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi ma SMS, pamwamba pa VAT. Msonkho wa mtundu umenewu ndi uja amaika pa mowa ndi fodya. Kufunsira ntchito kwasanduka chizolowezi choipa chofunika kuchilanga?

Atiuza kuti Malawi alibe nyanja yamchere, intaneti imachokera kutali kudzera ku Tanzania ndi Mozambique, zipangizo amagula ndi madola. N'zoona, sitikukana. Koma zimenezo zikufotokoza chifukwa chake data ili ndi mtengo. Sizikufotokoza chifukwa chake yolipiridwa kale izifa, kapena chifukwa chake Facebook itchipe pomwe tsamba la yunivesite likudula. Zimenezo ndi zosankha za anthu, ndipo anthu angazisinthe.

Zinasinthapo kwina. Ku South Africa anthu anakuwa #DataMustFall mu 2016, ndipo pofika 2019 bungwe lawo loyang'anira zamauthenga la ICASA linakhazikitsa malamulo oti makampani azilola data yotsala kupitirira, azilola kuitumiza kwa mnzako, komanso asamadye mayunitsi a munthu bandulo ikatha iye asanavomere. Kunonso mu 2020 Amalawi anakuwa mawu omwewo, mitengo ina inatsika. Palibe anatipatsa mwaulere. Tinachita kufuna.

*Tikufuna izi:*

1. MACRA iike m'malamulo kuti data yolipiridwa isafe, kuphatikizapo ya tsiku limodzi. Likhale lamulo, osati promosheni yoti lero ilipo mawa yachoka.
2. Aphungu achotse msonkho wa 10 peresenti pa data.
3. Masamba a sukulu, mayunivesite ndi olengezera ntchito za boma azitseguka osadya data.
4. Thumba la Universal Service Fund, limene linabwera ndi lamulo la zamauthenga la 2016, liike WiFi yaulere m'malaibulale ndi m'makoleji, ndipo litiuze poyera ndalama zake zikupita kuti.

*Inu muchite izi sabata ino:* bandulo yanu ikafa ili ndi zotsala, jambulani sikirini, sungani tsiku lake. Kadandauleni ku kampani yanu, ikapanda kuyankha pitani nazo ku MACRA. Mufunseni phungu wa kwanu maganizo ake pa msonkhowu, yankho lake mulibweretse pagulu. Dandaulo la munthu mmodzi amaliponya m'dirowa, koma zikwi za madandaulo zilibe dirowa lokwanamo.

Tumizani uthengawu kwa anzanu khumi bandulo isanathe.

#DataMustFall