Kukalambira Kwa Eni

 Ulendo uno tikambirane funso limene ambiri timalikankhira kutsogolo kufikira imvi zitadzaza mutu: kodi munthu akapuma pantchito, mphamvu zitayamba kutha, akakhale kuti?

Kuno ku Mchinji kulibe nyanja. Mwezi wa June ukafika kumazizira kwakuti ana amafika ku madrasa manja ali m'khwapa, ndipo okalamba amangokhalira kuothera dzuwa kuseri kwa nyumba. Nchifukwa chake anthu a kuno akamva za Senga Bay kapena Monkey Bay amakusirirani. Koma tili ndi chipata cha Mwami, makilomita 12 okha kuchoka pa Boma, ndipo pachipata pamaphunzitsa zambiri. Pamadutsa anyamata opita kukasaka ndalama, pamadutsanso madoda obwerera kwawo atatha moyo wawo wonse kunja, katundu wawo akukwana m'chikwama chimodzi.

Azungu ofuna dzuwa

Ku Ulaya kuli chizolowezi chakuti munthu akamaliza zaka zake zantchito ku Britain kapena ku Germany, amagulitsa nyumba nkukagula ina kugombe la nyanja ku Spain kapena ku Portugal, kumene kumatentha ndipo zinthu nzotsikirako mtengo. Anthu ambiri a ku Italy adakhazikika ku Malindi m'dziko la Kenya. Ena owerengeka ndi amene mumawaona ku Cape Maclear, ku Senga Bay ndi ku Chintheche. Chowakoka nchodziwika. Chisanu chimapweteka mafupa a nkhalamba, komanso penshoni ya ndalama zakunja ikasinthidwa kukhala makwacha imachuluka. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ife tidalira pogula shuga ndi feteleza, pomwe wolandira mapaundi adangodzuka makwacha ake atachuluka.

Komatu chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Penshoni ya boma la Britain imakwera chaka ndi chaka kwa amene ali kwawo ndiponso m'maiko ena amene adachita nawo pangano. Wokakhala ku Malawi, ku South Africa, ku Zimbabwe kapena ku Australia, yake imaima pamodzimodzi, mitengo ya zinthu ikuthamanga. Ndipo Britain itatuluka m'bungwe la European Union, kuyambira mu January 2021 nzika zake zopanda chilolezo chokhalira ku Spain siziloledwa kupyola masiku 90 pa masiku 180 alionse, ngakhale zili ndi nyumba kumeneko. Lamulo la eni limasintha mlendo asadafunsidwe.

Za matenda ndiye nyanja yathu idaphunzitsa kale. Mu 1875 amishoni a ku Scotland adakocheza sitima yawo ya Ilala pa Cape Maclear atakopeka ndi dooko labwino. Pofika 1881 adasamukira ku Bandawe, kusiya manda a anzawo amene adatha ndi malungo, ndipo mandawo alipo mpaka lero. Masiku ano mankhwala a malungo ndi likodzo alipo, koma matenda a ukalamba ndi ena. Munthu wa ku Chembe kapena ku Makanjira akadwala impso kapena mtima, ulendo wake ndi wa maola ambiri kupita kuchipatala chachikulu ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Mlendo wandalama amakwera ndege kupita ku Johannesburg. Amene ndalama zidamuthera amavutika ngati ife tomwe, kuwonjezera apo alibe mdzukulu womtungira madzi.

Matchona athu

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya azungu okha. Ife Amalawi tidayamba kale kukalambira kwa eni. Agogo athu ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Halale kudzera ku Mthandizi, enanso pa okha, zimene ankati selefu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Banda adaimitsa zolemba anthu. Zidayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, nkudzatheratu mu 1988. Opita pa kontalakiti ankabwerera nthawi ikakwana. Ambiri amene adatchona adali a selefu, makamaka m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe. Adakwatira komweko, nabereka ana, namanga mizikiti, ndipo ankati ukalamba wawo udzakhala wa mtendere.

Taonani zimene zidawaonekera. M'chaka cha 2000 mafamu a azungu atayamba kulandidwa, antchito adataya ntchito ndi nyumba pa tsiku limodzi, popeza nyumbayo idali ya pafamu. Mzimbabwe adali ndi kumudzi kothawira, pomwe mtchona adalibe. Mu 2001 lamulo la unzika lidasintha, ndipo ana ambiri obadwira komweko kwa makolo a ku Malawi adapezeka akuwerengedwa ngati alendo. Mu 2008 ndalama ya Zimbabwe idasanduka mapepala chabe, kotero kuti penshoni ya zaka zambiri sinkagula ngakhale buledi. Malamulo atsopano a dzikolo a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, koma pofika nthawiyo nkhalamba zambiri zidali zitagona kale. Anthuwa sadali aulesi kapena opusa. Adangomanga ukalamba wawo wonse pa malo ndi ndalama za eni.

Maloto a ku Durban

Lero achinyamata athu a ku Mangochi, Machinga ndi Salima adadzaza ku South Africa. Mzinda wa Durban umawakomera kwambiri. Uli m'mbali mwa nyanja yamchere, kumafunda ngati kwathu kunyanja, mizikiti ilipo yambiri, kuphatikizapo waukulu uja wa Grey Street, ndipo nyama ya halaal sivuta. Nzosadabwitsa kumva mwana akuimba foni kuti, "Ababa, ine ndidzakalambira konkuno," kapena, "Amayi, bwerani mudzapumire kuno."

Musanayankhe, dziwani izi. Pasipoti ya Malawi imakulolani kucheza ku South Africa masiku 30 popanda visa, osati kukhazikika. Chilolezo cha munthu wopuma pantchito chilipo, koma mu 2014 boma la kumeneko lidaika kuti wochifuna aonetse kuti amalandira R37,000 pamwezi. Ndani mwa ife angaonetse zimenezo? Ndalama zimene boma limapereka kwa okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi za nzika, za amene ali ndi chilolezo chokhaliratu, ndi za othawa kwawo ovomerezeka. Munthu amene wagwira ntchito ya m'sitolo, ya ulonda kapena ya m'nyumba zaka zambiri wopanda mapepala, tsiku limene msana udzakane ndi tsiku limene lendi idzamkanike.

Tisaiwalenso za May 2008 pamene anthu 62 adaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo, za April 2015 pamene ziwawa zidabuka ku Durban komweko boma lathu nkutumiza mabasi okatenga anthu, ndi za March 2019 pamene Amalawi adathawanso m'nyumba zawo mumzinda womwewo. Mnyamata amathamanga ndi kulumpha mpanda. Nanga nkhalamba yoyendera ndodo? Akulu adati kwa eni kulibe mkuwe.

Palinso za tsiku lomaliza. Ife sitigoneka maliro masiku ambiri, choncho wokalambira kunja kawirikawiri amaikidwa komweko. Palibe cholakwa pamenepo, dziko lonse ndi la Mwini wake. Kubweretsa thupi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza kumadya ndalama zambiri, ndipo mabanja ena amatsala ndi ngongole. Chofunika kufunsa nchakuti: adzakusambitseni ndi kukuvekani sanda ndani, adzanyamule jeneza ndani, nanga mayi wamasiye adzatsala m'manja mwa yani?

Wobwerera apeza chiyani?

Tinene zoona, ena amatchona chifukwa cha ife otsala kumudzi. Munthu amatumiza ndalama zaka khumi kuti timmangire nyumba, akafika apeza maziko okha atamera udzu. Wina apeza malo a mbumba a m'mbali mwa nyanja adagulitsidwa, pali koteji ndi mpanda wa njerwa. Pamenepa mpamene nkhani ziwirizi zimakumana: gombe limene mlendo akupumirapo ndi lomwe mwana wathu wa ku Joni amayembekeza kudzapumirapo.

Ndalama za malo zimaoneka zambiri pa tsiku lolandira. Pakatha chaka, njinga yamoto yawonongeka, malata ayamba dzimbiri, ndipo amayi akuzungulira mtunda wautali kuti akapeze potsukira mbale ndi poyanika usipa, chifukwa njira ya kudooko idatsekedwa. Malamulo a malo a 2016 amalola banja kulembetsa malo a makolo kuti akhale ndi chikalata, ndipo kusintha kwa 2022 kudakhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu osakhala nzika. Koma lamulo silingatchinjirize banja limene mwinimbumba wake amasaina mapepala usiku, alongo ake osadziwa. Malo a mbumba asagulitsidwe kapena kubwereketsedwa popanda kukhala pansi onse, ndi amene ali kunja omwe, poti masiku ano foni ilipo.

Omanga nyumba ya ukalamba kunyanja akumbukirenso za 2024, pamene madzi adakwera nkumiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Nyanja idachitanso chimodzimodzi cha m'ma 1980. Funsani akuluakulu pamene madzi adalekezera, ndipo mumange kumtunda kwa pamenepo.

Tsono mlendo wokalamba amene wakhazikika kale pakati panu, ameneyo ndi mnansi. Musamuone ngati thumba la ndalama. Mpatseni moni, mgulitseni chambo pamtengo woyenera, akadwala kamuoneni. Zimene tikufuna kuti eni dziko achitire ana athu ku Durban, tiyambe ndife kuchitira mlendo wa pakhomo pathu.

Zofunika kukonza mphamvu zikadalipo

Choyamba ndi mapepala. Amene mwatsimikiza zokhala kunja, konzani chilolezo chenicheni, ndipo pasipoti ndi chiphaso cha unzika cha kuno musazitaye. Mu December 2018 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti Mmalawi atha kukhala nzika ya maiko awiri, choncho kutenga unzika wina sikufunanso kuti mutaye wa kwanu. Ana obadwira kunja muwalembetse, adziwe mudzi wawo, mfumu yawo ndi chiyankhulo chawo.

Chachiwiri ndi chodzadya. Olembedwa ntchito kuno kwathu akhala ndi lamulo la penshoni kuyambira mu 2011: bwana amaikapo 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Msodzi, wageni ndi wa ku Joni wopanda mapepala alibe zimenezi. Penshoni yawo ndi munda, bwato, ukonde, nyumba ya lendi kapena mitengo ya mango. Muziike kumene palibe amene angakuthamangitseni, ndipo musaunjike zonse m'dziko limodzi la eni. Amene mudagwirapo ntchito m'migodi kapena m'makampani akunja, sungani bwino nambala ndi makalata anu, chifukwa ambiri a Wenela ndi TEBA akhala zaka akulondola ndalama zawo movutikira.

Chachitatu ndi chipatala. Musanasankhe malo, werengani mtunda wokafika kuchipatala m'nyengo ya dzinja, milatho itakokoloka. Odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi afunse kumene adzatengere mankhwala mwezi ndi mwezi.

Chachinayi ndi anthu. Nkhalamba imafuna woicheza nayo, woigwira dzanja popita ku mzikiti Lachisanu, ndi woizindikira ikayamba kuiwala. Zimenezi sizigulidwa. Amene muli kunja muzibwera kumudzi, muzipezeka pa maukwati ndi pa maliro, muzithandiza pamene mungathe. Munthu amene adasowa zaka 30 osalemba ngakhale kalata amafika kwawo ali mlendo, ndipo ukalamba wake umakhalanso wa kwa eni ngakhale ali pa bwinja la amayi ake.

Pomaliza, nkhaniyi isakhale ya bambo yekha. Amayi afunsidwe, chifukwa kawirikawiri ndiwo amatsala. Pa ukwati wa chikamwini, bambo wobwerera adziwiretu ngati adzafikire kwa mkazi kapena kwa alongo ake, kuopa kudzakanganirana pa khonde katundu ali pamutu.

Sindikunena kuti aliyense abwerere. Alipo amene ali ndi mapepala, nyumba, ana ndi adzukulu kunjako, ndipo kumeneko ndiye kwawo tsopano. Koma amene mulibe zimenezi musanyengeke ndi kamphepo ka kunyanja yamchere. Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Inu a m'mbali mwa nyanja muli kale ndi dzuwa ndi gombe zimene ena amagulitsira nyumba zawo ku Ulaya kuti azipeze. Zisungireni ana anu amene ali kunja, ndipo mukaimbirana nawo foni mwezi uno, muwafunse funso limeneli mosapsatira.