Khonsolo anaipatsa khasu lopanda mpini

Mvula ikangogwa, ngalande za mu Kaunda Square zimadzaza mapulasitiki, madzi amasefukila mumsewu, ndipo pa Facebook kutukwana kumayamba: a khonsolo akugona, a khonsolo ni mbala. Tukwanani, ni ufulu wanu. Koma ine ndikuti mkwiyo wathu tikuutumiza pa adilesi imodzi cabe, pamene eni ake ena a mlanduwu akhala phee m'maofesi a boma lalikulu.

Malamulo aakulu a dziko amene anasinthidwa mu 2016 anapatsa makhonsolo nchito zambili zoti zikhale zao-zao: misika, kutola zinyalala, magetsi a mumsewu, ozimitsa moto, ngalande, ngakhale malaisensi a galimoto. Kuyambila caka cimeneco meya timamusankha tokha, osati makhansala kusankhana m'cipinda. Pa pepala, Lusaka imadzilamulila yokha. Funso n'lakuti, ndi ndalama ziti?

Makolo athu amakumbukila nthawi imene khonsolo inali ndi zake. Inali kugulitsa magetsi, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene anapita ku ZESCO. Madzi anapita ku kampani yapayokha, Lusaka Water, ca m'ma 1990. Malaisensi a galimoto anacotsedwa m'manja mwa makhonsolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Ndiye mu 1996 a Chiluba analamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo, pamtengo wotsika kwambili. Mabanja a ku Kabwata, Libala, Chilenje na Matero anapeza nyumba zao, ndipo sindingawanene. Koma lendi imene inali kulowa mwezi uliwonse inathela pomwepo, ndipo palibe anabweletsa cina colowa m'malo. Ng'ombe anaigulitsa, mkaka akuufunabe.

Cimene cinatsala n'ciani? Ma rates a nyumba na malo, tindalama twa m'misika na m'masiteshoni a basi, malaisensi a mashopu na mabala, zikwangwani za malonda, na personal levy. Iyi personal levy ndiye imaseketsa. Munthu wa pa nchito salipila kupitilila K15 pa caka cathunthu. K15! Siikwana kukwela basi kucoka ku Kaunda Square kupita m'tauni n'kubwela. Bwana wa kubanki wokhala ku Kabulonga amalipila imeneyo, mlonda wa pageti pake nayenso imeneyo. Khonsolo siingakweze yokha, cifukwa malile ake anaikidwa ndi lamulo la ku Nyumba ya Malamulo.

Manje onani kumene ndalama yeniyeni ikupita. Galimoto zonse zimene zimathinana pa Great East Road m'mawa zimalipila road tax kudzela ku RTSA. Ukatuluka mumzinda kupita ku Chongwe kapena ku Kafue, umalipila pa toll gate, ndipo ndalama imapita ku NRFA. Galimoto zomwezo ndizo zimakumba maenje m'timisewu twa mkati mwa makomboni, ndipo tikagwa m'dzenje timaloza cala ku Civic Centre.

Wina adzati, nanga CDF? N'zoona, inalumpha kucoka pa K1.6 miliyoni mu 2021 kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwela. Madesiki afika m'masukulu, acinyamata ena apita kukaphunzila maluso. Zabwino. Koma CDF ni mphatso yocoka ku bajeti ya boma lalikulu, ndipo wopatsa akhoza kucedwetsa kapena kucepetsa. Imamanga na kugula zinthu; siilipila osesa mumsewu mwezi na mwezi. Komanso imagawidwa mofanana pa constituency iliyonse. Munali, kumene kuli Kaunda Square, Chelstone, Mtendere na Kalingalinga, ili na anthu opitilila 250,000. Feira, ku Luangwa, siifika ngakhale 40,000. Onse analandila K25.7 miliyoni imodzimodzi. Sindikucitila nsanje anzathu a ku Luangwa, nawonso ali na mavuto ao, koma masamu amenewa mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni sungayende nawo. Thumba lina, Local Government Equalisation Fund, limene linayamba mu 2015, nalonso limacoka ku Treasury, ndipo khonsolo imangodikila.

Ndikudziwa yankho la ambili: ukawapatsa ndalama zambili adzangodya. Mantha amenewa ali na cifukwa. Mu July 2020 nduna Charles Banda anaimitsa makhonsolo a Lusaka na Kitwe pa nkhani ya kugawa mapuloti mosatsata malamulo. Koma taganizani bwino. Khansala amene anagawa puloti molakwika ayenela kupita ku khoti, iye yekha. Kuimitsa khonsolo yonse ni kulanga ife amene tinavota. Ndipo Town Clerk, amene amayendetsa nchito na ndalama tsiku na tsiku, sasankhidwa na meya wathu. Amalembedwa ndi Local Government Service Commission, imene mamembala ake amaikidwa ndi Pulezidenti. Munthu amaopa amene angamucotse nchito. Ife sitingamucotse, ndiye angatiope bwanji?

Komanso kudya kwakukulu kumene tinaona na maso sikunali kwa a khonsolo okha. Zaka zambili ma cadre a zipani zolamula ndiwo anali kutolela ndalama pa Intercity, pa City Market na pa Soweto, ngakhale lamulo la misika na masiteshoni la 2007 linali lilipo. Zinatengela mau a Pulezidenti Hichilema mu 2021 kuti acoke. Ganizani: khonsolo inafunika cilolezo ca State House kuti itole ndalama pamsika wake womwe. Kumeneko ndiye kudzilamulila?

Mtengo wake timaulipila na matupi. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inabweletsa asilikali kudzasesa m'tauni. Ya 2023 mpaka 2024 inasandutsa Heroes Stadium cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegula. Nthawi zonse ndalama imapezeka anthu akayamba kufa. Ya mafuta a galimoto yopita ku Chunga na zinyalala mu September, mvula isanayambe, ndiyo imasowa.

Ife a mu Kaunda Square tili na mbali yathu. Landilodi amene amatenga lendi pa zipinda zisanu n'kubisala bilu ya ma rates ikabwela, asatsegule pakamwa za ngalande. Misonkhano ya khonsolo yonse ni yotseguka kwa anthu, ndipo ward iliyonse iyenela kukhala na Ward Development Committee. Tiyeni tikakhale pa mabenchi amenewo tifunse kuti pamsika wa Kaunda Square pamatoledwa zingati pa mwezi, ndipo zingati zimabwelela.

Koma funso lalikulu lipite kwa MP, cifukwa iye ndiye amagwila colembela ca malamulo. Akabwela na macitenge, musamufunse za borehole. Mufunseni ngati adzaimilila mu Nyumba ya Malamulo kuti gawo lodziwika la road tax yolipilidwa mu Lusaka lizitsala ku khonsolo ya Lusaka, ndipo atiuze kuti ni mapelesenti angati.