Anakumba dzenje la ku Mtangatanga ndani?

Achinyamata anzanga a kuno ku Makwasa, Thekerani, Luchenza ndi nonse amene uthengawu ukufikeni, lero sindikamba za fetereza kapena za ntchito. Ndikufuna tikumbutsane za maliro amene dziko lino linawasiya osalira.

Pa 18 October 2022, anthu a m'midzi yozungulira nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba anapeza manda achilendo m'tchire. Apolisi atafukula anatulutsa mitembo 25. Atafufuza pafupi anapezanso ina. Onse anali amuna, a zaka zapakati pa 25 ndi 40, ndipo apolisi anati akuwaganizira kuti anali ochokera ku Ethiopia, paulendo wopita ku Joni. Oyeza mitembo anati anafa chifukwa chobanika. Nyuzipepala zina zinalemba kuti onse pamodzi anali 29, zina 30. Tangoganizani, ngakhale kuwawerenga kokha sitinagwirizane. Nanga mayina awo? Ndani mwa inu anamvapo ngakhale dzina limodzi likutchulidwa pa wailesi?

Mu November chaka chomwecho apolisi anamanga anthu, mmodzi mwa iwo Tadikira Mafubza, mwana wowapeza wa a Peter Mutharika. Mlandu unakazengedwa ku khothi lalikulu ku Mzuzu, ndipo mu June 2024 khothi linawamasula onse, kuti alibe mlandu. Mwezi umenewo tonse tinali pa maliro a a Saulos Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu amene anagwa ndi ndege ku Chikangawa, dera lomwelo. Nkhani ya Mtangatanga inangodutsa ngati mphepo, basi.

Ndinene poyera, chifukwa ndikudziwa kuti kuno ku Thyolo wina ayamba kale kulemba kuti "mfana ameneyu watumidwa". Sindikutsutsana ndi khothi. Munthu amene khothi lamumasula ndi womasuka, ndipo sitikumuloza chala. Koma chigamulo chija chinayankha funso limodzi lokha: kodi boma labweretsa umboni wokwanira pa anthu awa? Yankho linali ayi. Funso lalikulu likadali pomwepo. Anthu 30 sangabanike okha, kudzinyamula okha kulowa m'nkhalango, kukumba dzenje n'kudzikwirira. Alipo anayendetsa galimoto. Alipo anatseka chitseko. Alipo anagwira khasu usiku umenewo, ndipo lero akudya nsima kwawo bwinobwino. Ngati si amene anamangidwa aja, ndiye ndani? Ntchito ya apolisi imayambiranso pamenepo, sithera pamenepo.

Ndipo a chipani chilichonse asatinamize. Mitembo inapezeka boma lili la a Chakwera, mlandu unagwa boma lili la a Chakwera. A mbali ina anavina kuti wawo watuluka, a mbali inayo anadandaula kuti mdani wawapulumuka. Onsewo nkhani yawo inali ya ndale. Anyamata a m'dzenje aja analibe wowalankhulira, poti savota.

China chimene chimandisowetsa tulo ndi ma rodibuloko. Aliyense amene anakwerapo basi pa M1 akudziwa mmene amatitsitsira, kutsegulitsa zikwama, kufunsa za thumba la makala. Mayi wonyamula nsomba zouma amaimitsidwa mpaka kutuluka thukuta. Ndiye gulu lonse la anthu osayankhula Chichewa kapena Chitumbuka linalowa bwanji m'dziko muno mpaka kufika ku Mzimba popanda wowaona? Eti palibe anaona? Aaa, ifenso tinapitako kusukulu.

Komanso si koyamba. Mu March 2020, ku Tete, anatsegula kontena ya thiraki yochokera ku Malawi n'kupezamo anthu 64 atafa, 14 okha ali moyo. Mu December 2022, patangopita miyezi iwiri chichitikireni za Mtangatanga, mitembo 27 inapezeka itatayidwa ku Ngwerere, kunja kwa Lusaka. Njira yake ndi imodzi, ndipo ikudutsa pakhomo pathu. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015. Likugwira ndani?

Mwina wina akuti, za anthu a ku Ethiopia zikutikhudza bwanji ife othyola tiyi? Tayang'anani m'malaini a pa esiteti, muwerenge nyumba zimene zilibe mwana ku Joni. Ine digiri yanga ili m'sutikesi chaka chachiwiri tsopano, ndipo sindinama, nambala ya transipota ndili nayo m'foni. Msuweni wanga ananyamuka wopanda pasipoti. Womutengayo anamuuza kuti asiye chiphaso chilichonse kunyumba, kuti akagwidwa asadziwike kwawo. Anakhala masiku asanu ndi anayi osamveka. Azakhali anga ankagona ndi foni m'manja, kuitchaja pa okala tsiku lililonse, kudikira. Anafika, tithokoze Mulungu. Koma akanabanika m'thiraki pakati pa Zobue ndi Nyamapanda, bwenzi lero ali "mwamuna wosadziwika, wa zaka pafupifupi 25" m'buku la apolisi a dziko la eni. Pamene nyumba ya Usindiso inapsa ku Johannesburg pa 31 August 2023 n'kupha anthu 76, a Malawi anali m'gulu la akufawo, ndipo matupi ena anapsa osazindikirika. Tinafuna kuti boma la kumeneko liwalemekeze abale athu, liwapeze mayina. Nanga ife tinachita chiyani ndi ana a eni amene anafera kwathu?

Ambiri oyenda njira imeneyi amachokera kum'mwera kwa Ethiopia, madera a Hadiya ndi Kembata, komwe mabanja amagulitsa ng'ombe ndi minda kuti mwana mmodzi akafike ku South Africa. Kumeneko kuli amayi amene mpaka lero akuganiza kuti mwana wawo anafika koma anangowaiwala, anasanduka mtchona. Mwina amamutukwana mumtima. Sakudziwa kuti anathera m'nkhalango ya ku Mzimba. Pa chikhalidwe chathu, ngakhale mlendo akafera m'mudzi, amfumu amatuma mthenga kukasaka abale ake. Sitiika munthu ngati galu.

Ndiye zimene tikufuna si zovuta. Mkulu wa apolisi auze mtundu wa a Malawi ngati fayilo ya Mtangatanga ikadali yotsegula, ndi amene akuigwira. Boma linene ngati pa mitembo ija anatengapo DNA ndi zidindo za zala, zili kuti, komanso ngati zinatumizidwa ku boma la Ethiopia. Kazembe tili naye ku Addis Ababa, a Red Cross ali ndi ntchito yolumikizitsa mabanja otayana, chikuvuta n'chiyani? A Malawi Human Rights Commission achite kafukufuku wawo, lipoti lake liwerengedwe poyera. Aphungu athu a kuno ku Thyolo, amene amadziwa bwino kuti mavoti awo theka ali ku Joni, akafunse funso limeneli m'nyumba ya malamulo. Aliyense amulembere phungu wa kwawo, ngakhale pa WhatsApp pomwepa, ndipo musunge sikirinishoti.

Kwa iwe mphwanga amene wamanga kale chikwama, sindikuletsa, njala ndikuidziwa. Koma usananyamuke siya kunyumba fotokope ya chiphaso chako cha unzika, chithunzi chako chatsopano, dzina ndi nambala ya transipota, ndi nambala ya galimoto. Lemba nambala ya mayi ako pa kapepala, usokerere mkati mwa thalauza. Akakuuza kuti ulowe m'kontena yotseka, kana, ngakhale utalipira kale.

Tumizani uthengawu ku magulupu onse amene mulimo, makamaka a abale athu ali ku Joni.